Si mowa wokha umene ukuchotsa ana athu m'tchalitchi

Mwana akasiya kubwera kutchalitchi, ife akuluakulu a mipingo ya chipentekosite timafulumira kunena kuti dziko lamukoka. Tikatero timaganiza za mowa, magule ndi zibwenzi. Zimenezo zilipodi. Koma ine ndimatsogolera achinyamata pampingo wina ku Ndirande, ndipo ambiri amene amandigogodera madzulo nkhani yawo imakhala ya ndalama.

Taganizani za mtsikana wa ku MUBAS, woimba m'gulu la matamando, wosajomba ku SCOM. Amakhala nyumba ya lendi kunja kwa sukulu, ndalama ya ngongole ya ophunzira sinalowe, makolo kumudzi sanakolole. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene inkamudyetsa mwezi wathunthu imathera panjira. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi ali ndi bambo wagalimoto womulipirira zonse, ndipo bamboyo akuti ali ndi mnzake amene akufuna nambala. Chimene chikumuyesa mwanayu ndi njala, ndi mwini nyumba amene waima pakhomo. Mnyamata nayenso wasunga digiri m'sutikesi, kumene wapeza ntchito akufuna kangachepe, ndipo pafoni pake pali kandege kolonjeza kuti K500 ikhoza kuswana usiku umodzi. Ndinamvapo mnyamata akupempherera tikiti yobetchera mpira, misozi ili mbwembwembwe.

Chimandipweteka n'chakuti Lamulungu tikawalandira, kawirikawiri timawasenzetsa katundu yemwe uja anabwera naye. Ku Facebook ndi TikTok aona anzawo atatsamira magalimoto. Kuguwa akumvanso umboni wa galimoto, wa viza, wa nyumba ku Area 43. Akuuzidwa kuti abzale mbewu, chaka chino n'chawo. Mwana amene wasala kudya, wapereka chakhumi pa ganyu yake, wachezera usiku wonse kuphiri la Soche, koma chaka chatha ali chimodzimodzi, aganiza chiyani? Aganiza kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena kuti kwawo kuli womumanga. Ena afika poyamba kukayikira agogo awo omwe. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mulungu amadalitsa, komabe sitinawaphunzitse anawa mmene munthu wolungama amakhalira m'thumba mulibe kanthu.

Tawaphunzitsa kubisa. Mtsikana akatenga pathupi timamuimitsa pamaso pa mpingo wonse, pamene mnyamata wake nthawi zina akupitiriza kuimba kiyibodi. Anzake akaona zimenezo samaphunzira chiyero ayi, amaphunzira kusagwidwa. Ambiri amatchinga abusa ndi mayi busa kuti asaone zimene aika pa WhatsApp. Ndiye mwana amene akanapulumuka atangouza munthu mmodzi kuti sanadye kuyambira dzulo, amangoyankha kuti "ndadalitsika, adadi," n'kubwerera kuchipinda kuja kumene nambala ikudikira.

Sitingathawire kunena kuti ndife ochepa mphamvu. Nthawi imene tinkasonkhana m'makalasi a pulayimale ndi ng'oma imodzi inapita. Living Waters ndi Calvary Family Church afalikira m'dziko lonse, Assemblies of God ili ndi yunivesite ku Lilongwe, ndipo Lazarus Chakwera, amene anautsogolera mpingowu kuyambira 1989 mpaka 2013, anakafika ku State House. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18. Mipando tikugulayi, okhalapo mawa ndi amenewa.

Ndikupempha abusa anzanga ndi akulu a mpingo: pa ndalama za msonkhano waukulu wa chaka chino, patulaniko ya ufa ndi nyemba za ophunzira a mpingo wanu, ndipo azilandira mwakachetechete, osajambulidwa. M'bale amene ali ndi galaja, mlongo amene ali ndi saluni kapena makina osokera, atenge mwana mmodzi amuphunzitse ntchito. Banki m'khonde ya amayi itsegule khomo kwa atsikana asanapite kwa akatapila. Ndipo Lamulungu likubwerali, nthawi ya maumboni ikakwana, mupatsenso maikolofoni mnyamata uja anakana kupereka chiphuphu, ngakhale kuti mpaka lero akupalasa kabaza.