Msewu wa Kaisara tiyendapo, koma bondo sitimugwadira



Achinyamata athu ku Ndirande ndi ku Bangwe akumafunsa kuti, "Abusa, kodi Chikhristuchi sanachipange Aroma?" Makolo, musawakalipire, funsoli ndi labwino. Tiyeni tiliyankhe.

Yesu anabadwa dziko lake lili m'manja mwa atsamunda. Mkulu wa asilikali a Roma, Pompey, analanda Yerusalemu mu 63 BC, ndipo kalembera amene anapititsa Yosefe ndi Mariya ku Betelehemu anali lamulo la Kaisara Augusto. Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki. Chifukwa? Kuyambira nkhondo za Alexander, yemwe anamwalira mu 323 BC, Chigiriki chinasanduka chilankhulo cha pamsika, monga momwe Myao, Mlomwe ndi Msena amatsatsirana malonda m'Chichewa mu Limbe. Mawu oti Khristu, ubatizo, mngelo, dikoni, Baibulo, gwero lake ndi Chigiriki. Ngakhale dzina lathu lomwe timanyadirali, Pentekosite, ndi Chigiriki, likunena za tsiku la 50.

Ndiye inde, Uthenga unadutsa m'kamwa mwa Agiriki ndi pamisewu ya Aroma. Paulo pochoka ku Filipi kupita ku Tesalonika anayenda pa Via Egnatia, msewu umene Aroma anamangira asilikali awo. Koma kukwera minibasi ya munthu sikukusandutsa mwana wake. Aroma omwewo ndi amene anakhomera Yesu pamtanda. Angapange bwanji chipembedzo chomwe ankachisaka?

Taonani Paulo pa Machitidwe 16. Anamukwapula n'kumutsekera osazenga mlandu, chonsecho anali nzika ya Roma. M'mawa mwake atati atuluke mwakachetechete, anakana, anati akuluakulu abwere okha adzamutulutse. Munthu wodzazidwa ndi Mzimu, koma malamulo ankawadziwa! Inu mayi a ku Zingwangwa, mwana wanu akamangidwa pempherani, komanso dziwani kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Kudziwa ufulu wako si kuchepa chikhulupiriro ayi.

Tsono apa ndi pamene pandivuta mumtima. Roma ankalola milungu yambirimbiri, bola munthu afukize lubani polemekeza Kaisara. Akhristu msonkho ankapereka, mfumu ankaipempherera, koma lubani anakana. Polycarp, bishopu wokalamba wa ku Smurna, anamuotcha cha m'ma 155 chifukwa cha zomwezo. Kenaka mu 313 Constantine analola Chikhristu. Mazunzo anatha, tithokoze Mulungu. Koma ndalama za boma zinayamba kulowa mu mpingo, mabishopu anayamba kudya kunyumba yachifumu, ndipo mu 325 mfumu ndi imene inaitanitsa msonkhano wa mpingo ku Nicaea. Kwa ine, mkango wa m'bwalo la masewera sunali woopsa ngati tebulo limenelo.

Mwandimva kumene ndikupita. Kampeni ikayandikira, magalimoto akuluakulu amadziwa njira ya ku Machinjiri ndi ku Chilomoni. Amabwera ndi envelopu, matumba a simenti, malata, n'kupempha mphindi zisanu zokha paguwa. Tchalitchi chathu chikudontha, sindikukana, mvula ikagwa timasuntha mabenchi. Koma m'busa amene wadya envelopu, mankhwala akasowa kuchipatala pakamwa pamalemera. Pa 8 Malichi 1992 mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, anthu akuopa ngakhale kunong'ona. Pa ziphunzitso timasiyana nawo, koma tsiku limenelo lubani anakana.

Wandale aliyense ndi wolandiridwa kwathu. Akhale pabenchi, amve Mawu, tidzamusanjika manja monga wina aliyense. Chopereka aponye m'mbale osalengeza. Maikolofoni yokha ndiye ayi, ndipo nsalu za chipani zitsale kunyumba.

Lachitatu madzulo tiwerenga Machitidwe 16 ndi 17. Achinyamata amafunso aja, bwerani nawo, mipando yakutsogolo ndi yawo.