Khansa ya m'matumbo: asilikali a m'thupi ndi kufika msanga kuchipatala

Madokotala akhala akudabwa kuti odwala awiri a khansa ya m'matumbo, zotupa zawo zofanana kukula, wina amachira atachitidwa opaleshoni pomwe mnzake matenda amabwerera. Gawo lina la yankho lili m'kati mwa chotupacho.

Mu 2006, gulu la Jérôme Galon ku Paris linaonetsa kuti chotupa chikadzaza ndi asilikali a m'thupi otchedwa T cells, makamaka a CD8, wodwala amakhala nthawi yaitali. Ambiri a ife tinazolowera kumva za CD4 ku kiliniki ya ma ARV. A CD8 ndi abale awo, ndipo ntchito yawo ndi kupha maselo oonongeka. Mu 2018, kafukufuku wa odwala 2,681 m'maiko 13 anatsimikiza izi. Mwa odwala 100 omwe zotupa zawo zinali ndi asilikali ambiri, khansa inabwerera kwa 8 m'zaka 5. Mwa omwe anali ndi ochepa, inabwerera kwa 32. Kuwerengaku amakutcha Immunoscore.

Palinso mankhwala otakasa asilikaliwa. Mu 2022 ku New York, odwala 12 a khansa ya kumapeto kwa matumbo anapatsidwa dostarlimab, ndipo zotupa zinazimiririka mwa onse. Koma amagwira bwino pa mtundu umodzi wokha wa khansayi, ndipo mtengo wake banja la msodzi wa ku Makanjira silingaufike.

Tionetsetse: odwala a kafukufuku wa 2018 anafika khansa isanafalikire kutali, ndipo asilikaliwo anawerengedwa pa chotupa chimene chinachotsedwa kale. Choncho zonse zimayamba ndi kufika msanga. Apa ndi pamene ife timaluzira.

Kunyanja kuno, magazi m'chimbudzi timathamangira kunena kuti ndi kamwazi kapena likodzo la m'matumbo, lomwe likupezekadi ku Mangochi. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Koma ngati mankhwala atha magazi osasiya, kapena chimbudzi chasintha kwa masabata angapo, thupi likutha, magazi akuchepa, tibwerere kuchipatala tikapemphe kuyezedwa bwino. Zomba Central Hospital, yomwe ili m'tauni imodzi ndi a ku Chikamveka, imalandiranso otumizidwa kuchokera ku Mangochi, Machinga ndi Balaka.

Asilamufe tili ndi mwayi: istinja imatipatsa mpata woona magazi tsiku lomwe ayamba. Chotitchinga ndi manyazi. Tidziwe kuti kuonetsa maliseche kwa dokotala chifukwa cha matenda Chisilamu chimalola. Ena amakana opaleshoni poopa thumba lotulutsira chimbudzi pamimba, poganiza kuti swala yawo sidzalandiridwa. Ma ulama ambiri amamuika munthu wotere m'gulu la ovutika ndi matenda: amachita wudhu pa nthawi ya swala iliyonse n'kuswali. Masheikh athu alankhule izi pa Jumu'ah, ndipo amayi a dawa azifikitse kwa amayi anzawo.

Boma nalo tilifunse: kachidutswa ka chotupa kakatumizidwa kukayezedwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, zotsatira zizibwera msanga, chifukwa chotupa sichidikira.

Allah anatiikira asilikali m'thupi, ndipo thupilo ndi amana. Tiwathandize popita kuchipatala magazi akangoyamba, kenako tiyedzamire kwa Iye.