Opaleshoni ya prositeti: mkazi nayenso auzidwe

Mwamuna akacotsedwa prositeti cifukwa ca khansa, mphamvu ya cimuna siibwerera msanga. Mitsempha yodzutsa mwamuna imapita pambali peni-peni pa prositeti, ndipo ingatenge miyezi 6 kufikira zaka 2 kuti icire. Kwa ena, maka-maka acikulire ndi odwala shuga, siibwereranso monga kale. Umuna nawo uleka kutuluka.

Colakwa n'cakuti kawiri-kawiri mwamuna amamva zimenezi ali yekha kucipatala, nabisa. Kunyumba mkazi ayamba kuganiza kuti kuli cisumbali ku komboni ina, mwamunayo nathamangira mankhwala a pamsika. Mkazi ayenera kukhalapo pamene dokotala afotokoza, opaleshoni isanacitike. Viagra ithandiza ena, koma ndi yoopsa kwa akumwa mankhwala ena a mtima. Woilemba akhale dokotala.