Mbasela wa pa njuga ndi ndalama yako yomwe

Mai wogulitsa kapenta pamsika akakuikirako mbasela, iye ndiye amaluzako pang'ono kuti mawa ubwerenso. Makampani a njuga za pa intaneti nawonso amati amapatsa mbasela, koma wao ndi wamtundu wina, ndipo mkangano umene unabuka pa PokerStars m'caka ca 2015 unaonetsa poyera mmene ulili.

Poker ndi masewera a makhadi. Osewera amabecerana okha-okha, kampani sisewera nao. Iyo imangotapa kagawo pa ndalama zimene zaikidwa pakati, kawiri-kawiri pafupi-fupi 5 peresenti mpaka pa malire ena ace. Kagawo aka amakacha rake. Kamaoneka kocepa, koma pa intaneti makhadi amagawidwa mofulumira, ndipo munthu mmodzi angathe kusewera pa matebulo khumi nthawi imodzi. Tangoganizani wacigayo amene atapako kambale ka ufa nthawi iriyonse, inu nkumabweza ufa womwewo m'cigayo kambiri-mbiri pa tsiku. Pofika madzulo thumba lapepuka.

Kuti anthu asathawe, PokerStars inali kubwezako gawo la rake kwa osewera kwambiri. Pamwamba peni-peni panali udindo wochedwa Supernova Elite. Kuti munthu aupeze anafunika mapointi 1,000,000 m'caka cimodzi, kutanthauza kulipira rake ya madola oposa 150,000. Akaufika, anali kubwezeredwa ndalama zopitirira theka, ndipo zokoma zambiri zinali kubwera caka cotsatira.

M'caka ca 2014 kampani ya ku Canada yochedwa Amaya inagula PokerStars pa madola 4.9 biliyoni. Mu Novembala 2015 eni atsopanowa analengeza kuti kuyambira Januwale 2016 mphotho zidzadulidwa, ambiri sadzalandira zoposa 30 peresenti, ndipo udindo wa Supernova Elite udzathetsedwa. Onani nthawi yace: anthu anali atasewera kale miyezi khumi, usana ndi usiku, kuthamangira mphotho ya caka camawa. Mlimi aliyense amene anauzidwapo mtengo wina pobzala, nkumva wina thonje liri kale pa sikelo, adziwa kuwawa kwace.

Osewera oposa 2,000 analembetsa kunyanyala kwa masiku atatu, kuyambira pa 1 Disembala 2015. Kampani sinabwerere m'mbuyo. Mu 2017 inabweretsa mabokosi a mphotho amene munthu sanali kudziwa za mkati mwace kufikira atatsegula. Ngakhale mbasela weni-weniyo anasanduka njuga.

Ine ndiona kuti pa nkhani ya lonjezo osewerawo anali ndi cifukwa. Cimene walonjeza munthu atayamba kale nchito sucisintha nchito iri pafupi kutha. Koma kampani nayonso inanena cinthu coona, ngakhale inacinena podziteteza: mphotho zazikulu zinali kupita kwa akatswiri ocepa amene amadyera pa anthu wamba osewera mongosangalala. Ndiye funsani, ndalama imene magulu awiriwa anali kulimbirana inacokera kuti? Katswiri amacotsa zambiri kuposa zimene amaika. Kampani sibeca. Watsala ndi uja amaika pang'ono-pang'ono nkuluza, amene dzina lace silinamveke pa mkangano wonsewo.

Kuno kwathu poker siinafale kweni-kweni, koma kubeca pa foni kwafika mpaka kumidzi, ndipo ndalama zimacoka pa mobile money mosavuta. Mau akuti bonasi ali paliponse. Anyamata ambiri sadziwa kuti kawiri-kawiri bonasi sungaitape pomwepo. Malamulo amafuna kuti uyambe waibecera kangapo, ndipo malamulowo kampani imadzisungira mphamvu yowasintha. Alembedwa m'Cingerezi, m'tizilembo tating'ono, ndipo munthu amawavomera ndi cala cimodzi asanawerenge.

Makolo ndi akulu a mpingo amakonda kudzudzula njuga ndi mau akuti ndi chimo, mnyamata nkugwedeza mutu, usiku nkutsegulanso foni. Mwina kungathandize kukhala naye pansi ndi pensulo. Alembe zonse zimene waika kucokera pamene cimanga cinagulitsidwa, alembenso zimene watapadi nkugwira m'manja. Bonasi imene ikali m'foni asaiwerengere, pakuti siinafike m'thumba.