Chitsulo cha kutsogolo chimateteza ndani?

Ogulitsa zida za galimoto ndiponso eni ma Land Cruiser ndi ma Hilux amakonda kunena kuti ukangoikitsa bull bar, chitsulo chija cha kutsogolo, basi banja lako lili mu linga. Ine ndikukana.

Chitsulochi chili ndi kwawo. Chinatchuka kumidzi ya ku Australia, kumene ma kangaroo amadumphira mumsewu usiku, ndipo rediyeta ikabooka munthu amagona kutchire, kutali ndi thandizo. Nyale ndi rediyeta chimatetezadi. Nanga anthu?

Kutsogolo kwa galimoto zamakono kunapangidwa dala kuti kuzifwanyika. Luso limeneli analiyambitsa Béla Barényi, injiniya wa Mercedes-Benz, m'zaka za m'ma 1950. Kutsogoloko kukamapindika kumameza mphamvu ya kugundako, okwera n'kupulumuka. Tsono wowotcherera akalumikiza mapaipi osapindika ku chasisi, mphamvu ija imapitirira mpaka pachifuwa cha dalaivala. Airbag nayo imadalira tizipangizo toyeza kukula kwa kugunda. Chitsulo chosayesedwa chikhoza kuichedwetsa, kapena kuiphulitsa pomwe sipafunika.

Koma chondiwawa kwambiri ndi munthu wapansi. Taganizani za Lizulu tsiku la msika: mayi wasenza dengu la kabichi, wakabaza akukhota, mwana akuthamangira kutsidya kwa M1. Bampala wamba amagunda miyendo, munthu n'kugwera pa boneti, imene imabonyoka n'kumuchepetsera ululu. Mpaipi subonyoka. Wamkulu umamuphwanya chiuno ndi nthiti, pomwe mwana, poti ndi wamfupi, umamupeza pamutu penipeni, kenako n'kumugwetsera kunsi kwa matayala. Amene akanachoka ndi pulasitala kumwendo timakamuika m'manda.

N'chifukwa chake mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo mu 2005 loti chitsulo chotere chiyambe chayesedwa ngati sichivulaza oyenda pansi chisanagulitsidwe. Boma la India linalamula mu Disembala 2017 kuti ma bull bar osavomerezeka achotsedwe. Komatu kuno kwathu anthu ochuluka amayenda wapansi ndi panjinga, m'mbali mwa misewu yopapatiza.

Amene mumagwiradi ntchito kuthengo, funsani wogulitsayo ngati chitsulocho chinayesedwa pa mtundu wa galimoto yanu, airbag ili momwemo. Inu amene ulendo wanu ndi wa ku Area 47 ndi City Centre, kachichotseni. Ndipo a Road Traffic ayambe kuchiyang'ana asanapereke COF.