Chiboliboli cha Pamphambano N'cha Yani?

M'chaka cha 2018 amisiri adayamba kumanga tsinde la chiboliboli pa Ginnery Corner mumzinda wa Blantyre, pafupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Woti adzaimepo adali Mahatma Gandhi, ndipo chibolibolicho chidadza pamodzi ndi lonjezo la boma la India lomanga nyumba ya misonkhano ya madola 10 miliyoni. Achinyamata adakana. Anthu oposa 3,000 adasaina chikalata chodandaula, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho bwalo lalikulu la milandu lidalamula kuti ntchitoyo iyambe yaima. Akuluakulu ena adati anawo n'ngosayamika, okankha dzanja la mlendo. Ine ndikuti anawo adakhoza, ndipo amene tidagona ndife akulu.

Sindikukana kuti Gandhi adamenyera ufulu wa dziko lake. Komanso n'zoona kuti pamene ankakhala ku South Africa, kuyambira 1893 mpaka 1914, adalembapo mawu onyoza anthu akuda. Omuikira kumbuyo amati adasintha atakula. Mlandu umenewo ndiwasiyira akatswiri a mbiri yakale. Wanga ndi uwu: ndani adafunsa mayi wogulitsa nthochi pamphambanopo? Ndani adafunsa kondakitala wa minibasi, kapena wodikirira matenda amene amadutsa pamenepo m'mawa ndi madzulo?

Ine ndagwira choko zaka zambiri, ndipo zonse zimene ndinkalemba pabolodi zinkafufutidwa belu likangolira. Chiboliboli sichifufutika chotero. Ndi mphunzitsi wosapuma pantchito, amene amauza mwana aliyense wodutsa kuti, "Munthu woyenera kumukweza ndi uyu." Kodi mphunzitsi wotere angatisankhire mlendo, chifukwa chakuti watimangira nyumba? Inde, akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma sadanene kuti timupatse mutu amete mmene afunira.

Pali enanso, ndipo awa ndiwo amandiwawa kwambiri, amene amati zonsezi n'zamasewera. Amati chiboliboli sachidyera nsima, ndipo dziko losowa mankhwala m'zipatala lisataye nthawi ndi miyala. Njala ndimaidziwa, sindidachite kuiwerenga m'buku. Koma pitani ku Chongoni, m'boma la Dedza, mukaone zojambula za pamiyala zimene zili pamalo 127, zomwe bungwe la UNESCO lidazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Amene adajambula zimenezo sadali anthu okhuta osowa chochita. Ankasaka, ankalima, ankadwala, komabe adaona kuti mwala wa pamudzi uyenera kulankhula. Lusolo silidafe ayi. Amisiri a ku Mua akusemabe, ndipo m'mbali mwa misewu muli anyamata osema mvuu ndi mipando ya mafumu. Koma zabwino zonse zimakulungidwa m'nyuzipepala n'kukwera ndege ndi alendo, ife n'kutsala ndi zikwangwani zotsatsa sopo ndi mayunitsi.

Taonani zimene zidachitika ku London. Mu Seputembala 2022, pabwalo la Trafalgar Square, padaimikidwa chiboliboli cha John Chilembwe chopangidwa ndi Mmalawi mnzathu, Samson Kambalu. Iye adatengera chithunzi cha 1914, pamene Chilembwe adaima ndi mmishonale John Chorley atavala chipewa, m'masiku amene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa Mzungu. Kambalu adamkuza Chilembwe msinkhu kuposa mnzakeyo. Chidaima pamenepo mpaka 2024, pakati pa likulu la anthu omwe asilikali a boma lawo adamupha mu 1915. Mwana wa ku Chiradzulu akanafuna kuchiona, akanayamba wafuna pasipoti.

Tsono makhonsolo a mizinda yathu asiye kudikira mphatso. Aitanitse anthu a ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Zolozolo, awafunse amene akufuna kumuona pamsika pawo, kenaka ntchitoyo aipereke kwa amisiri athu. Ena adzatchula Rose Chibambo, amene nkhope yake timangoipinda m'thumba pa K200. Ena adzatchula mzamba wa m'dera lawo amene dzina lake mulibe m'buku lililonse, koma theka la ana a kumeneko lidabadwira m'manja mwake.