Maganizo a Mkonzi: Mapanelo a sola ayesedwe padzuwa lathu

Kuyambira ku Tsangano mpaka kuchigwa cha Bwanje, mapanelo a sola akuchuluka pamadenga ndi m'madimba a ku Ntcheu, koma ogula amangofunsa mtengo, osafunsa zaka zimene panelo lidzakhalitse. Kafukufuku wa bungwe la NREL ku America anapeza kuti mapanelo ambiri a silikoni amataya pafupifupi theka la peresenti ya mphamvu zawo pachaka, n'chifukwa chake opanga odalirika amalonjeza zaka 25. Kutentha ndi chinyezi zimafulumizitsa kufookaku, makamaka ngati pulasitiki yomatira maselo ili yosalimba. Maselo atsopano a perovskite, amene Tsutomu Miyasaka ndi anzake anawayesa ku Japan mu 2009, tsopano amasandutsa kuwala kopitirira 25 peresenti kukhala magetsi, koma chinyezi chimawawononga msanga.

Ena anganene kuti kafukufuku wotere ngwa mayiko olemera, mlimi amangofuna zotchipa. Komatu panelo lofa msanga ndilo lodula, pakuti pampu yothirira ikaima, ndiwo zimauma ngongole ilipobe. Kuzizira kwa Tsangano ndi kutentha kwa Bwanje zili m'boma limodzi. Choncho Yunivesite ya MUBAS ndi Malawi Bureau of Standards aike mapanelo oyesera m'malo awiriwa, aziyeza mphamvu zawo chaka ndi chaka, nalengeze zotsatira kwa ogula.